Kodi sukulu yonseyi ithere pogwira mbewa?

Mnyamata wina amene akuphunzira kuno ku Johannesburg wandilembera imelo. Wapatsidwa mwayi wothandiza pa kafukufuku wa mbewa ndi mileme, koma amalume ake akumuseka kuti anadutsa Mwanza ndi Tete kudzakumba mbewa ku Joni. Akufunsa ngati avomere.

Mphwanga, chitonzo chimenecho inenso ndinachimva. Ndinakulira ku Dedza, kumene chimanga chikangokololedwa tinkanyamula makasu n'kumatsata mauna m'minda, ndipo ndisanafike Sitandade 5 ndinkatha kusiyanitsa una wokhalamo mbewa ndi wakale pongoyang'ana dothi la pakhomo pake. Nditayamba kuthandiza ofufuza kuno, ndinapeza kuti akugwiritsa ntchito misampha ya Sherman, timabokosi tachitsulo timene timadzitsekera tokha osapha nyama. Nyambo yake ndi chiponde chosakaniza ndi oats, mbewu yofanana ndi tirigu. Timatchera madzulo n'kukayendera mbandakucha, chifukwa dzuwa likawomba chitsulocho mbewa imafera m'kati. Tikaigwira timaiyeza kulemera, kutalika kwa mchira, khutu ndi phazi lakumbuyo, kenako timaiika chizindikiro n'kuimasula pomwe taigwirapo.

M'mawa woyamba, anzanga akutsegulabe buku, ine ndinali nditazindikira kale kuti ndi kapuku, amene iwo amamutcha Mastomys natalensis. Ndikunenetsa kuti mwana wa kumudzi amalowa ntchito imeneyi ali ndi maphunziro amene anzake alibe, ndipo wosekayo akuseka chuma cha kwawo komwe. Ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa bwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi ndiponso chifuwa chachikulu, bwampini yemweyo amene ife tinkamuthamangitsa ndi agalu.

Komabe kudzitama kwangako kunandichititsa manyazi tsiku lomwelo. Ndinapisa dzanja mumsampha wopanda magolovesi, monga tinkachitira kuuna, ndipo mayi amene ankatitsogolera anandikalipira pamaso pa onse. Ndinakwiya mpaka pamene anandifotokozera zimene zinachitika m'chaka cha 2008. Wodwala wina anabweretsedwa mumzinda uno wa Johannesburg kuchokera ku Lusaka, matendawo anagwira anthu 5 ndipo 4 anamwalira. Kachilombo kake anakatcha Lujo, kuphatikiza mayina a mizinda iwiriyi, ndipo kali m'gulu la tizilombo timene kawirikawiri timasungidwa ndi mbewa. Kapuku yemweyo ndiye amasunga kachilombo koyambitsa matenda oopsa otchedwa Lassa kumadzulo kwa Africa. Mileme nayonso ina imakhala ndi tizilombo tofanana ndi ka chiwewe, monga Duvenhage, kamene kanapezeka koyamba muno mu South Africa m'chaka cha 1970.

Tsono uchitenji?

Vomera. Koma usanakhudze mleme ngakhale umodzi, bayitsa katemera wa chiwewe, vala magolovesi nthawi zonse, ndipo uonetsetse kuti gulu lako lili ndi chilolezo cha boma chogwirira nyama. Ufunsenso za malipiro usananyamuke, pakuti ine ulendo woyamba ndinachita manyazi kufunsa, ndipo ndinabwerako ndi nkhupakupa zokha.