Kamphaka kogwaigwa musakataye, yambani mwaona ngati kanabadwa choncho

Mayi a ku Chiputula, funso lanu lamveka: kamphaka ka masabata 6, kamadzandira ngati munthu woledzera, kamagwera cham'mbali, mutu umagwedezeka kakafika pa mbale, koma kakudya bwino, ndipo anzake awiri obadwa nako akuthamanga bwinobwino. Aneba akuti n'chiwewe, mukakataye kudambo. Musakataye. Choyamba mudzifunse ichi, chifukwa zochita zonse zikuchokera pamenepa: kodi kudzandirako kunayamba pomwe kanayamba kuyenda ndipo sikukusintha, kapena kanali bwino n'kuyamba mwadzidzidzi, ndipo tsiku ndi tsiku kukuipiraipira?

Ngati kunayamba kali ndi masabata awiri kapena atatu, nthawi imene timphaka timayamba kuimirira, n'kutheka kwambiri kuti ndi vuto lomwe madokotala a ziweto amalitcha cerebellar hypoplasia. Kumbuyo kwa ubongo kuli kachigawo kakang'ono koyeza mayendedwe: phazi lifike pati, mutu uime pati. Kachigawoka kamakula kumapeto kwa bere ndi m'masiku oyambirira kamphaka katabadwa. Make akagwidwa ndi vairasi ya panleukopenia (matenda opatsirana a amphaka) ali ndi bere, vairasiyo imapha maselo amene akuchulukana mofulumira, ndipo a kachigawoka ali m'gulu limenelo. Zimachitikanso make akabayidwa katemera wamoyo wa matendawa (wokhala ndi vairasi yofooketsedwa) ali ndi bere. M'bere limodzi ena amakhudzidwa kwambiri, ena pang'ono, ena ayi, ndiye musadabwe kuti anzakewo ali bwino.

Kamphaka kotere mumakadziwa chonchi: kamaima kotangadza miyendo, kamaponya phazi patali kuposa pomwe kamafuna, mutu umanjenjemera kwambiri kakamalunjika chinthu, koma kakagona kunjenjemera konse kumaleka. Mphamvu m'miyendo zilimo, maso ndi owala, kamasewera, sikalira ndi ululu. Vutoli silikula, silipweteka, silipatsirana ndipo lilibe mankhwala. Munthu akakuuzani kuti ali ndi jakisoni wochiritsa, sungani ndalama zanu. Amphaka otere amakalamba ngati anzawo, ndipo ambiri akamakula amaphunzira kuyenda bwinoko. Choopsa ndi vairasi yomwe inayambitsa, chifukwa imatha kukhala pansi ndi pa ziwiya mpaka chaka. Tsukani mbale ndi pansi ndi sopo, kenako Jik masupuni awiri aakulu m'lita imodzi ya madzi, dikirani mphindi 10, tsukuluzani, ndipo musabweretse mphaka wina wosatemera pakhomopo.

Za chiwewe tisazipeputse, kuno chilipo ndipo amphaka nawonso amadwala. Koma nyama ya chiwewe ikayamba kuonetsa zizindikiro sipitirira masiku pafupifupi 10 isanafe. Kamphaka kamene kadzandira masabata atatu kakudya ndi kusewera si ka chiwewe. Muchite mantha ngati kanali bwino, kenako kasintha khalidwe, kakuchucha dovu, kakulephera kumeza, kakuluma chilichonse kapena miyendo yakumbuyo yayamba kufa, makamaka ngati kanalumidwapo ndi galu. Zikatero katsekereni m'chipinda, ana asakakhudze, kanenani ku ofesi ya zaziweto. Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita tsiku lomwelo ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi kukayamba katemera.

Anthu ena ali ndi timphaka tomwe tinayamba mwadzidzidzi, ndiye tinenepo zoyambitsa zina zomwe zimapezeka m'makomo mwathu. Chachikulu ndi poizoni. Mankhwala a nkhupakupa a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka, chifukwa chiwindi cha mphaka chimalephera kuwachotsa m'thupi. Kamphaka kamanjenjemera thupi lonse ngakhale katagona, khungu n'kumatukula, kenako kuphupha. Dipi wa ng'ombe, mankhwala othira m'chimanga ndi temeki wa makoswe nazo zimabweretsa kunjenjemera ndi dovu. Ngati ali pa ubweya, kasambitseni ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kapukuteni, thamangirani kwa dokotala mutanyamula botolo la mankhwalawo. Mkaka ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni, ndipo kumwetsa kamphaka kophupha n'kukatsamwitsa.

China ndi chakudya. Nsomba zambiri zosaphika zili ndi chinthu chowononga vitamini B1, ndipo mphaka wodya nsomba zotere tsiku ndi tsiku amayamba kupinda khosi chibwano n'kufika pachifuwa, mboni za m'maso kukula, kudzandira. Uyu amachira msanga akabayidwa vitaminiyo nthawi isanathe. Wodya nsima ndi minofu yokhayokha yopanda fupa amasowa kashiamu, mafupa amafewa n'kumathyoka okha, ndipo amakana kuyenda chifukwa cha ululu. Kamphaka kopendeketsa mutu mbali imodzi n'kumazungulira, yang'anani m'khutu, nthawi zambiri muli matenda ochizika. Kokoka miyendo yakumbuyo katapanidwa ndi chitseko, kupondedwa kapena kugwidwa ndi galu, ndi msana umenewo, tibwerako.

Tsopano kanu, mayi. Ngati kanabadwa choncho, vutolo silichoka, ndiye chosintha ndi nyumba. Simenti yopolisha ndi matailosi ndi adani ake oyamba: zikhadabo sizigwira, kamatereka, kamamenyetsa chibwano pansi mpaka mano kuthyoka. Yalani masaka, mkeka kapena bulangete lakale la pakaunjika m'njira yonse yochokera pogona kupita pa mbale ndi pochitira chimbudzi. Mtunda umenewu poyamba usapitirire mita imodzi, mudzawonjezera kakamalimba. Kuikako katoni kapena thabwa m'mbali mwa njirayo kumathandiza, chifukwa timphaka totere timayenda motsamira khoma. Zikhadabo musawenge kwambiri, ndi zomwe kamakwerera ndi kudzigwirira.

Nyumba zambiri za ku Chiputula, Masasa ndi Mchengautuwa zili pamtsetse, khonde lalitali ndi masitepe. Tsekani pakhomo ndi thabwa lotalika kufika m'bondo. Ndowa ndi mabeseni a madzi zivundikiridwe, chimbudzi chokumba chikhale chotseka, pa bedi ndi pa mpando kasasiyidwe kokha. Panja kazituluka pokhapokha muli pomwepo, chifukwa sikangathawe galu kapena kabawi.

Mbaula ndiyo yofunika kuinena mobwereza. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julaye kumakokera kamphaka kumoto, ndipo kodzandira kamagwera pamakala. Kafunditseni ndi botolo lapulasitiki la madzi ofunda, osati owira, lokulunga m'nsalu, loika mbali imodzi ya katoni kuti kakamva kutentha kasunthire kwina. Kamene sikatha kusuntha kokha kamapsa mosavuta, ndiye yesani botololo pa mkono wanu kaye. Mukakapeza kozizira, kofooka, m'kamwa mozizira, musakadyetse: m'mimba mozizira simugaya. Kaikeni pachifuwa panu mkati mwa juzi, pakani kadontho ka uchi kapena madzi a shuga pa nkhama, ndipo kakatenthedwa n'kudzutsa mutu ndi pomwe mukapatse chakudya.

Pakudya ndi pomwe timphaka totere timatsalira, osati chifukwa chosowa njala koma chakudya chambiri chimathera pansi ndipo anzake amalanda. Kadyetseni kokha, kanayi pa tsiku. Mbale ikhale yotambalala, yosazama, yolemera kapena yoikidwa pa nsalu yonyowa kuti isathawe. Pewani yadothi kapena yagalasi yomwe ingathyole dzino mutu ukagunda. Yapulasitiki yolimba ndi yabwino. Ikwezeni pa kathabwa masentimita 3 kapena 5, muike pakona kuti thupi litsamire makoma awiri. Ngati kakugwabe, gwirani pamapewa ndi dzanja limodzi mosafinya. Chakudya chikhale chofewa, chounjika pakati ngati kachulu kuti kazitha kuluma. Madzi akhale osazama, masentimita awiri okha, chifukwa mutu ukagwedezeka mphuno imamira. Ambiri amayamba kuopa madzi, ndiye thirani masupuni awiri a madzi m'chakudya chilichonse. Mukamamwetsa ndi sirinji, kakhale chafufumimba, mudonthezere m'mbali mwa kamwa pang'onopang'ono. Kukagoneka chagada kumalowetsa madzi m'mapapo, ndipo chibayo chake chimapha m'masiku ochepa.

Chakudya cha timphaka cha m'mashopu akuluakulu m'tauni, chonyika m'madzi ofunda, ndicho chokwanira bwino. Thumba likakana, usipa wa ku Nkhata Bay wowiritsa bwino wopanda mchere, wosinja ndi minga yake yomwe, dzira lowiritsa, nkhuku ndi mtima wake zimathandiza. Ku nyama yopanda fupa thirani theka la supuni yaing'ono ya ufa wa zikamba za mazira owiritsa pa theka la kilogalamu. Chiwindi pang'ono, kamodzi pa sabata. Ndiwo zotsala za anthu ayi, anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba, ndipo kamphaka kogwaigwa kotsegula m'mimba ndi ntchito yochapa tsiku lonse. Kayezeni pa sikelo yakukhitchini tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse: pa masabata 6 kayenera kukhala cha m'ma magalamu 600, n'kumawonjezera pafupifupi 100 pa sabata. Sikelo ikaima kapena kutsika, pali vuto lina, osati la ubongolo.

Pochitira chimbudzi tengani beseni lalikulu lapulasitiki, dulani khomo mbali imodzi kusiya mlomo wa masentimita 3, mbali zinazo zikhale zazitali kuti kazitsamira. Palani podulapo pasakhale pakuthwa. Thirani mchenga wouma wosefa, masentimita 3 kapena 4, ndipo panikizani besenilo pakona ndi njerwa. Kaikenimo kakangodzuka komanso pakatha mphindi 10 kapena 15 katadya. Ena amachita atagona cham'mbali, zilibe kanthu, ingometani ubweya wa kumatako n'kumapukuta ndi kansalu ka madzi ofunda, kenako kuumitsa. Kakaphonya musakamenye, kamangoyamba kubisala. Mayi woyembekezera asagwire mchengawu ndi manja.

Masewera ndiwo mankhwala ake enieni. Mphindi 5, katatu pa tsiku, pa bulangete kapena pa kapinga: kokani kachingwe pang'onopang'ono kuti kazilondola. Kofooka kwambiri, pisani kansalu ka chitenje pansi pa mimba, nyamulani pang'ono zala zikhudze pansi, kayende kokha. Kakagwa musathamangire kukadzutsa nthawi zonse, kudzuka kokha n'komwe kumalimbitsa minofu. Anzake aja asiyeni azisewera nako.

Kwa amene kanu kavulala msana, ntchito ndi yosiyana. Masewera ayi, kakhale m'katoni kapena m'kakhola kakang'ono masabata 4 mpaka 6, ndipo popita kwa dokotala kanyamuleni pa thabwa. Dokotala amatsina chala chakumbuyo mwamphamvu: kakatembenuka kapena kulira, mwayi woyendanso ulipo, kungokoka mwendo osazindikira si umboni. Choopsa kwambiri ndi chikhodzodzo. Mkodzo wodontha sukutanthauza kuti kakukodza, mwina chadzaza n'kumasefukira. Chimafunika kufinyidwa katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo izi akuonetseni dokotala ndi manja ake, chifukwa kufinya mwamphamvu kumachiphulitsa. Kosatha kudzitembenuza katembenuzeni maola 3 kapena 4 aliwonse, sinthani zogonera zikanyowa, pakani Vaseline pang'ono m'ntchafu kuti mkodzo usawotche khungu. Ngati ululu sukutha, sikakudya, zilonda zikukula, pemphani dokotala akagoneke ndi jakisoni kuti kafe mopanda ululu. Kukasiya kutchire kapena kukamiza ndi nkhanza.

Panado musayerekeze n'komwe, ngakhale kachidutswa kamapha mphaka. Brufen ndi aspirin chimodzimodzi. Utitiri umamaliza magazi a kamphaka kakang'ono, choncho pesani tsiku lililonse ndi chipeso cha mano othinana, muchape zogonera ndi madzi otentha, ndipo mankhwala alionse akhale olembedwa kuti ndi a amphaka a msinkhu umenewo. A njoka za m'mimba amaperekedwa potengera kulemera, n'chifukwa chake sikelo ija ikufunika. Katemera wa matenda a amphaka amayamba pa masabata 8 kapena 9 n'kubwereza pakatha masabata 3 kapena 4, wa chiwewe pa miyezi itatu. Kudzandira sikuletsa katemera, ndiponso sikuletsa opaleshoni yotseka kubereka pa miyezi 5 kapena 6. Make nayenso atsekedwe, kapena atemeredwe asanatengenso bere.

Sabata ino pitani nako kwa dokotala wa ziweto ngakhale kakuoneka kosangalala, kuti atsimikize kuti si khutu, chakudya kapena matenda ena a ubongo. Timphaka tikafika malo achilendo timangodzipinda osayenda, ndiye jambulani pa foni mavidiyo atatu aafupi muli kunyumba: kakuyenda, kakudya, ndi kali mtulo. Muzijambulanso sabata iliyonse kuti muzifanizira. Osadikira tsiku lomwe munapangana ngati kaphupha, kakana chakudya kawiri motsatizana, kasanza ndi kutsegula m'mimba, kakupuma movutikira, katha tsiku lathunthu osakodza kapena masiku awiri osachita chimbudzi.