Msilikali wopuma ntchito akufunsa: bwanji ondiyankha ndi a makampani a alonda okha?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene anapuma usilikali ali sajeni. Akuti anatumikira ku Malawi Defence Force zaka zoposa 20, zambiri mwa izo ali ku stores ku Cobbe Barracks, ndipo anapitako ku DRC kukasungitsa mtendere. Akhala akufunsira ntchito za stores m'makampani ndi m'mabungwe, koma owayankha ndi a makampani a alonda okha. Anditumiziranso CV yawo ya masamba asanu, ndipo funso lawo ndi lakuti vuto ndi msinkhu wawo kapena CV.

Bambo, za msinkhu palibe chomwe tingachite, koma CV yanu ndaiwerenga yonse ndipo ikukuponderezani. Tsamba loyamba lonse lathera pa tsiku lobadwa, mudzi, T/A, boma, mpingo, chiwerengero cha ana, kenako sukulu kuyambira ku pulayimale. Tsamba lachiwiri ndi ndandanda wa maudindo ndi zaka zomwe munakwezedwa. Nkhani ya stores ikuyamba kuoneka pa tsamba lachitatu. Munthu wa HR (ofesi yolemba anthu ntchito) amene ali ndi mulu wa makalata patebulo safika kumeneko. Waona kale kuti ndinu msilikali, ndipo m'mutu mwake wakuikani pa geti.

Tsono tembenuzani. Pansi pa dzina, nambala ya foni ndi imelo, lembani mizere itatu yonena kuti ndinu katswiri wosunga ndi kugawa katundu, mwagwira ntchitoyi zaka zingati, ndipo mwayang'anira anthu angati. Kenako ntchito zomwe mwagwira, kuyambira yomaliza kubwerera m'mbuyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu wamba sadziwa kuti sajeni wa ku stores amachita chiyani tsiku ndi tsiku, choncho muuzeni. Munkalandira katundu n'kumuwerenga molingana ndi mapepala obwera nawo? Munkalemba mu ledger, kusunga ma bin card, kuchita stocktaking? Munkagawa chakudya, mayunifolomu kapena mafuta a galimoto kwa anthu angati? A audit atabwera anapeza mabuku anu ali bwanji? Chilichonse chikhale mzere wakewake, ndipo pomwe pali nambala yoona, iikeni. Mzere wonena kuti munkagawa chakudya cha anthu 300 mwezi ndi mwezi ukuposa ndime yonse ija yomwe mwadzitamamo kuti ndinu olimbikira ndi omvera. Aliyense amalemba choncho, ngakhale waulesi.

Koma chenjerani: za kuchuluka kwa zida, zipolopolo kapena malo omwe munkachitira ma operation zisalowe mu CV. Lumbiro lija silinathe tsiku lomwe munavula yunifolomu.

Ulendo wa ku DRC mwaupatsa mzere umodzi wokha, chonsecho ndi umene ungakope mabungwe. Asilikali a Malawi analowa mu Force Intervention Brigade ya MONUSCO, gulu la United Nations losungitsa mtendere ku DRC, mu 2013, limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Ngati munali kumeneko, ndiye kuti mwagwira ntchito motsatira ndondomeko za United Nations komanso ndi anthu a mayiko ena. Nenani zimenezo, ndipo ngati munatolako Chiswahili, lembani. N'chimodzimodzinso ngati munathandizira kunyamula kapena kugawa katundu wa chithandizo nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023.

Pa maphunziro, MSCE ndi makosi omwe munachita ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima akukwana, koma kosi iliyonse muilembe dzina lonse ndi zomwe munaphunzira, osati zilembo zachidule zomwe amamva asilikali okha. Laisensi yoyendetsera galimoto itchulidwe ndi kalasi yake. Chomwe sindinachione ndi kompyuta. Ntchito za stores masiku ano zimafuna Excel, ndiye ngati simuidziwa, kosi yaifupi ikuthandizani kuposa kusintha CV kakhumi.

Owerenga ena musaone ngati izi n'za asilikali okha. Mphunzitsi amene akufuna ntchito ku bungwe alembe za malipoti, misonkhano ya makolo ndi ndalama za sukulu zomwe ankayendetsa. Wongomaliza kumene koleji aike patsogolo attachment ndi pulojekiti yake ya chaka chomaliza.

Zonsezi zikwane masamba awiri. Musanatumize, werengani malonda a ntchitoyo mu The Nation kapena The Daily Times muli ndi cholembera m'manja, n'kuona ngati zomwe akufunazo zikuoneka pa tsamba loyamba. Ma referee akhale atatu, mmodzi akhale bwana amene anakuyang'aniranipo ku stores, ndipo muwaimbire kaye kuti foni ikalira asadabwe. Tumizani ngati PDF, dzina la fayilo likhale lanu, osati chithunzi chojambula pafoni. Satifiketi yopumira ntchito isungeni pafupi, koma muitumize pokhapokha akaipempha.