Bwana akufuna pulani ya makompyuta a bungwe lonse: ndiyambire pati?

Kalata iyi yandipeza pa imelo Lachiwiri madzulo, magetsi atangobwera kuno ku Katoto. Yachokera kwa mayi wina woyang'anira za makompyuta pa ofesi ya chigawo cha kumpoto ya bungwe lina la boma, mu Mzuzu momwe muno. Dzina lawo ndi la ofesi ndabisa.

"Bwana andiuza kuti ndilembe enterprise architecture ya bungwe lathu bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe. Tili ndi masisitimu atatu osalankhulana: ya za ndalama, yolembera anthu amene timawathandiza, ndi ina imene inatisiyira pulojekiti yomwe inatha kale. Zotsala zili mu Excel ndi m'mafayilo a ku rejisitala. Kampani ina yabweretsa kale kotesheni ya maseva. Ndiyambire pati?"

Achemwali, kotesheniyo iikeni kaye m'dirowa. Sindikuti ndi yoipa, sindinaione. Koma munthu sagula malata asanadziwe kuti nyumba ikhala ya zipinda zingati. Dzina lalitali limene bwana akutchulalo, mukalivula jekete, ndi mapu chabe: ntchito zimene bungwe limagwira, zimene limalemba ndi kusunga, mapulogalamu onyamula zolembedwazo, ndiyeno mawaya ndi makina. Ndondomeko ya TOGAF imene akatswiri ambiri amatsatira imagawanso nkhaniyi panayi chomwecho, makina ali kumapeto. Ogulitsa amayambira kumchira chifukwa ndi kumene kuli ndalama zawo.

Ndikadakhala inu, masabata awiri oyamba sindikadakhudza kompyuta. Ndikadakhala pa benchi ya ku risepushoni n'kulondola fayilo imodzi, kuyambira pamene mwini wake watsika minibasi ya ku Karonga mpaka pamene wathandizidwa. Dzina lake lalembedwa kangati? Pepala lagona pa desiki ya yani, masiku angati, likudikira siginecha ya ndani? Mayankho ake alibe madairekitala. Ali ndi kalaliki wa ku rejisitala, kashiya ndi mesenjala. Pa ofesi ina imene ndinagwirako ganyu zaka zapitazo, tinapeza kuti sisitimu yeniyeni inali kope lachikuto cholimba la bambo wina wachikulire. Kompyuta ankailowetsa zinthu Lachisanu lokha, kuti lipoti lipite ku likulu. Bamboyo akapita ku maliro ku Rumphi, ofesi yonse inkaima.

Ndipo kuno kumpoto nkhani ya mayina si yamasewera. Mayi mmodzi yemweyo, m'sisitimu ina ndi Gondwe, m'ina ndi NyaGondwe, m'fayilo ya pepala ali ndi dzina la amuna awo. Mhango amasanduka Muhango, Nyirenda n'kukhala Nyilenda, malinga ndi khutu la wolemba. Mukalumikiza masisitimu atatu aja podalira dzina, mudzabala anthu atatu mwa munthu mmodzi, ndipo tsiku lina wina adzalandira kawiri. Mwayi tili nawo: kuyambira kalembera wa 2017, bungwe lolembera nzika la NRB linapereka chiphaso cha unzika chokhala ndi nambala imodzi pa munthu mmodzi. Nambala imeneyo ndiyo ikhale msana wa pulani yanu. Kenako pa chinthu chilichonse chosungidwa mulembe mwini wake mmodzi: mndandanda wa antchito ndi wa a HR, malipiro ndi a ku akaunti, ena onse azikapempha kumeneko, asamasunge kope lawolawo. Dziko la Estonia linamanga boma lake la pa intaneti pa mfundo yomweyi, kudzera pa X-Road, njira yolumikiza masisitimu a boma, kuyambira 2001: nzika isafunsidwe chinthu chimodzi kawiri. Inu simukufunika zazikulu choncho. Chiganizo chimodzi chikukwanirani, choti sisitimu iliyonse yatsopano izikhala ndi API, khomo lolankhulirana ndi mapulogalamu ena, ndiponso izitha kutulutsa data yonse m'njira yoti pulogalamu ina iwerenge.

Tsopano za kwathu kuno, zimene wolemba pulani ali ku Capital Hill amaiwala. Magetsi athu ambiri amachokera ku Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ka Wovwe ka ku Karonga n'kakang'ono. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, mdima unatifika mpaka kuno ngakhale madziwo sitinawaone. Netiweki nayo ikaduka penapake pakati pa Jenda ndi Chikangawa, mzere wa anthu pa kauntala sudziwa zimenezo. Ndiye funso loti mufunse pa sisitimu iliyonse ndi ili: intaneti ikasowa masiku awiri ku Nthalire kapena ku Likoma, wantchito azitani? Ngati yankho ndi loti azidikira, sisitimuyo si ya kumpoto. Iyenera kulandira ntchito popanda netiweki n'kutumiza ikabwera. Sola ndi mabatire zilowe m'pulani ngati mbali ya sisitimu, zisakhale zokumbukira mochedwa.

Za maseva, makompyuta aakulu osungira data ya ofesi yonse, ndinene maganizo anga mosabisa. Seva yoikidwa m'chipinda chimene kale chinali sitolo ya mapepala, chopanda choziziritsa, m'chinyezi cha Mzuzu, ndi maliro odikira tsiku. Musanasaine kalikonse, lemberani a Department of E-Government muwafunse za netiweki ya boma ya GWAN ndi malo a boma osungira data. Mwina maseva a m'kotesheni aja atsika n'kukhala imodzi yaing'ono.

Koma pamene ndikufuna mukhalitse ndi pa makiyi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: tsiku loonetsa sisitimu zonse zimawala pa projekita, nyerere zili m'kontirakiti. Tonse tikukumbuka Cashgate ya 2013. IFMIS, sisitimu ya boma yoyendetsera ndalama, inalipo, makompyuta ankayaka bwinobwino, koma anthu ankatha kulipira ndalama n'kufufuta mapazi awo m'sisitimu. Tikukumbukanso kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo chifukwa sisitimu inali itagwa. Zonse ziwirizi zimandibwezera pa mafunso amodzimodzi. Pasiwedi yaikulu ali nayo ndani, bungwe kapena kampani? Munthu wolowetsa malipiro ndi yemweyonso wovomereza? Chimene chafufutidwa chimasiya chizindikiro chimene ngakhale inu a ICT simungachichotse? Mukayambana ndi kampani, data yanu mudzaitenga bwanji, m'masiku angati, pa mtengo wanji? Izi zilembedwe m'pulani, ndipo zikalowe m'zikalata za tenda zisanafike ku IPDC, komiti ya bungwe lanu yoona zogula katundu. Zofunika pa tenda muzilemba nokha. Mukalola wogulitsa akulembereni, wadzisokera yekha suti, ndipo a PPDA, oyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, akadzafunsa, siginecha idzakhala yanu.

Sisitimu ya pulojekiti ija ndi mwana wamasiye, ndipo ana otere ali m'maofesi ambiri a boma. Opereka thandizo analipira kugula, palibe analipira kulera. Pa iliyonse werengerani mtengo wa zaka zisanu: layisensi, intaneti, kuphunzitsa antchito, mafuta opitira ku maboma kukakonza. Onetsetsani kuti ndi ndalama yanji, chifukwa layisensi ya m'madola inadumpha usiku umodzi pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe ORT, ndalama yoyendetsera ofesi tsiku ndi tsiku, sinadumphe nayo. Ngati ORT singailere, samutsani data yake ndipo muitseke mwaulemu. Kutseka sisitimu nakonso ndi pulani.

Lamulo loteteza data ya anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, likukukhudzani. Mndandanda wa anthu wokhala ndi manambala a ziphaso zawo sukuyenera kumayenda pa gulu la WhatsApp la ofesi, kapena pa flash ya munthu. Ikani tsamba limodzi lonena amene akuloledwa kuona chiyani.

Chikalatacho chisapitirire masamba 15. Chithunzi chimodzi cha mmene zilili lero, ndi mivi yoonetsa kumene pepala ndi data zimadutsa. China cha mmene mukufuna zidzakhalire pakatha zaka zitatu. Ndiyeno choyamba kuchita, chachiwiri, chachitatu, chilichonse ndi mtengo wake. Poti chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, chaka choyamba pemphani zochepa zimene mungamalize. Ndipo musalembe nokha pakona. A ku akaunti, a HR ndi a mapulani akhale nanu patebulo, bwana akhale wapampando, apo ayi chidzatchedwa "pepala la a ICT" n'kukagona pa shelefu.

Mwati bajeti ili pafupi, koma pali kanthu kosafuna bajeti. Sabata ino tengani backup ya sisitimu yolembera anthu ija, kope la data yake losungidwa padera, muyese kuibwezeretsa pa kompyuta ina, muwerenge maola amene zatenga. Zikakanika, tsamba loyamba la pulani yanu lapezeka, ndipo bwana akaliwerenga sadzafunsanso za kotesheni sabata imeneyo.