Yankho: tizidutswa ta DNA tosuntha ndi kuiwala kwa agogo

Achemwali a ku Ngabu, mwafunsa ngati n'zoona kuti tizidutswa tosunthasuntha ta DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'maselo athu) ndi timene tikuchititsa agogo anu kuiwala ngakhale mayina a zidzukulu zawo. Tizidutswato tilipodi. Wasayansi wa ku America, Barbara McClintock, anatitulukira m'zaka za m'ma 1940 pofufuza chimanga cha njere zamawangamawanga, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1983. Pafupifupi theka la DNA yathu linachokera ku tizidutswa totere, kungoti thupi limatimanga zolimba kuti tikhale chete.

Pa matenda a Alzheimer's, amene amawononga ubongo n'kuchititsa munthu kuiwala, puloteni yotchedwa tau ikawonongeka, zomangira zija zimamasuka. Tizidutswa tina timadzuka, timasokoneza majini (zigawo za DNA zonyamula malangizo) oyandikana nato, ndipo maselo a ubongo amatha kutiyesa kachilombo n'kuyambitsa kutupa. Izi zaoneka pa ntchentche za zipatso komanso mu ubongo wa anthu omwalira. Koma kunena kuti ndito tokha tayambitsa matendawo, kumeneko n'kufulumira.

Mankhwala a lamivudine, amene amapezeka mu ma ARV, akuyesedwa pa matendawa chifukwa amaletsa tizidutswa tina kudzikopera. Chonde musawapatse agogo ma ARV a munthu wina. Pitani nawo kuchipatala cha boma ku Chikwawa, poti kuiwala kwina kumadza ndi kuchepa kwa vitamini B12, ndipo kuiwala kumeneko mankhwala ake alipo.