Ndilembe "cimanga" kapena "chimanga"?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Katete. Ndalemba nthano yoti ndikawerenge pa msonkhano wa alembi ndi aphunzitsi umene timachita chaka ndi chaka ku Chipata. Mabuku ena amalemba "cimanga", ena "chimanga". Cholondola nchiti?

Yankho: Aphunzitsi, zonse ziwiri nzolondola, koma sizichokera khomo limodzi. Kuno ku Zambia, kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977 kamati liwu lotuluka popanda mpweya likhale c, lotuluka ndi mpweya likhale ch: cimanga, cifukwa, nchito. Ku Malawi loyambalo amalemba ch, lachiwirilo tch: chimanga, chifukwa, ntchito. Ikani dzanja pakamwa, mutchule "chala", kenako "tchire". Pa lachiwirilo mpweya ukuwombani m'dzanja.

Choopsa ndi kusakaniza, chifukwa ch satanthauza liwu limodzi mbali ziwirizi. Wa ku Mchinji akaona "kucha" amaganiza za m'bandakucha kapena mango okupsa. Mwana wophunzira Cinyanja ku Chadiza amawerenga kutcha dzina, poti kwa iye mbandakucha ndi "kuca". Tsono funsani okonza msonkhano kalembedwe kamene akufuna, ndipo musakasiye mpaka tsamba lomaliza. Ngati nthanoyo idzawerengedwa m'sukulu za kuno, tengani c.

Mukamasintha pa kompyuta kuchoka ku kalembedwe ka ku Malawi, samalani choyambira. Yambani ndi kusandutsa ch aliyense kukhala c, kenako tc akhale ch. "Ntchito" idutsa pa "ntcito" n'kufika pa "nchito". Mukayamba ndi tch, mawu ampweya onse aphwa, mutsala ndi "ncito". Pomaliza bwezerani ndi dzanja maina a malo, monga Chipata ndi Chadiza.

Funso: Anyamata a m'nthano yanga amati "nifuna", osati "ndifuna". Oweruza sadzati ndalakwitsa?

Yankho: Asiyeni ayankhule momwe amayankhulira. Mnyamata wa njinga wodikira anthu ku msika wa Kapata akayamba Chichewa cha m'buku, omvera adziwa kuti mwamuika mawu m'kamwa. Gogo wachinsenga anene "ŵanthu" ndithu. Koma zimenezi zikhale m'kati mwa zizindikiro za mawu oyankhulidwa. Wofotokoza nkhani asunge "ndifuna" ndi "anthu". Ndipo amene wayamba ndi "nifuna" pa tsamba 2 asadzati "ndifuna" pa tsamba 5, pokhapokha ngati waimirira pamaso pa amfumu.