Purosesa "ikwana" kapena "igwirizana"?

Funso: Mwana wanga amasewera magemu pakompyuta ndipo akufuna purosesa yamphamvu. Wogulitsa wina anati imene wasankhayo "ikwana", wina akuti "sigwirizana ndi motherboard yanu". Kodi mmodzi akunama, kapena ndine amene Chichewa chandizunguza?

N'kutheka onse awiri akunena zoona, bambo. Kukwana ndi nkhani ya malo basi, monga nsapato imakwanira phazi. Purosesa, ubongo wa kompyuta, yakwana ngati yakhala bwino mu soketi yake, malo ake okhalapo pa motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zina za kompyuta zimalumikizidwapo), chotsekera n'kutsekeka popanda kukakamiza. Kugwirizana n'kwina. Taonani kachidutswa ka -an- kali m'katimo, komwe kalinso mu kuthandizana ndi kumvana: kamafuna mbali ziwiri, iliyonse ichitepo kanthu. Motherboard iyenera kuizindikira purosesayo ndi kuipatsa magetsi oyenera.

Kampani yopanga mapurosesa ya Intel inatulutsa soketi ya LGA 1151 mu 2015, ndipo mapurosesa a m'badwo wa 6 ndi 7 ankakhala pa motherboard za gulu la 100 ndi 200. Mu 2017 kunabwera a m'badwo wa 8, soketi dzina lomwelo, mapini 1,151 omwewo, koma ofuna motherboard za gulu la 300. Tengani purosesa ya m'badwo wa 8 ya Core i5-8400 muiike pa motherboard ya H110, ya gulu la 100: ikhala bwinobwino, mudzola phala lija loziziritsa, mumanga fani, koma mukayatsa sikirini ingokhala bii. Yakwana, sinagwirizane.

Kwa AMD, kampani inanso yopanga mapurosesa, nkhani imafuna kusamala ndi nthawi ya mneni. Soketi ya AM4 ndi ya 2016, ndipo motherboard yakale ya B450 ikhoza kukana purosesa ya Ryzen 5 5600 mpaka mutaika BIOS yatsopano, pulogalamu ya mu motherboard imene imazindikira purosesa. Pamenepo wogulitsa wolankhula bwino anene kuti "sizikugwirizana panopa", chifukwa vutolo n'lotheka kulikonza. "Sizingagwirizane" tisungire zinthu ngati purosesa ya AM4 pa soketi ya AM5 ya 2022. Ya AM4 ili ndi mapini 1,331 pathupi pake, pamene AM5 mapini ake 1,718 ali mu soketi, ndiye ngakhale kukwana komwe palibe. AM5 imafunanso RAM (memore ya kompyuta) ya mtundu wa DDR5 yokha, choncho DDR4 ya mwanayo itsala.

Mukabwerera kusitolo, funso labwino ndi lakuti, "Kodi purosesa iyi ndi motherboard iyi zingagwirizane?" Wogulitsa akuonetseni yankho pamndandanda umene makampani opanga motherboard monga ASUS, MSI, Gigabyte ndi ASRock amaika pa intaneti wa motherboard iliyonse, wonena mapurosesa ovomerezeka ndi BIOS yofunika. Musati "zikufanana?", chifukwa zinthu ziwirizi sizifanana ndipo sizinapangidwe kuti zifanane.

Funso: Ndimaona anthu akulemba kuti "ndakweza kompyuta yanga". Kodi n'Chichewa chabwino?

Ine sichindikomera. Timakweza katundu pa minibasi, timakweza mitengo, bwana amakweza munthu pantchito. Mukauza agogo kuti mwakweza kompyuta, akufunsani kuti ikupita kuti. Nenani chimene mwachitadi: "ndasintha purosesa", "ndawonjezera RAM", kapena mwachidule "ndaiwonjezera mphamvu". Achinyamata ena amangoti "ndapanga upgrade", ndipo pocheza sindingawaletse, koma polemba tili ndi mawu okwanira.

Funso: Motherboard "wanga" kapena "yanga"? Mnzanga akuti popeza muli mawu otanthauza mayi, tiziti "wanga".

Mnzanuyo akumvera Chingerezi m'malo momvera Chichewa. Mawu obwereka otchula zipangizo ngati izi amalowa kaŵirikaŵiri m'gulu la nyumba ndi njinga: foni yanga, wailesi yanga, kompyuta yanga. Nayonso motherboard ndi yanga, yapsa, yatsopano. Pochulukitsa pali kusiyana pang'ono. Purosesa, imene taipatsa kale kalembedwe kathu, imalandira ma- mosavuta, ndipo zotsatira zake zimasintha: mapurosesa atsopano, osati zatsopano. Motherboard, yomwe tikuilembabe m'Chingerezi, ndimakonda kuisiya chomwecho n'kunena kuti motherboard ziwiri, ngakhale pamsika mudzamva "ma motherboard awiri" ndipo palibe amene amasokonezeka. Chokhacho musayese n'kuimasulira kuti "bolodi la mayi". Wokonza makompyuta adzaganiza kuti mayi anu ndi aphunzitsi.