Luso la mwana: amabadwa nalo kapena amalipeza pakhomo?

Amayi, mwafunsa ngati luso loganiza ndi kupanga zinthu zatsopano mwana amachita kubadwa nalo, kapena limadalira banja limene wakuliramo ndi chuma cha makolo ake. Ine ndimaona kuti chidwi chofuna kudziwa zinthu mwana aliyense amabwera nacho, koma pakhomo ndi pamene chimakula kapena kufota.

Za ndalama tisanamizane, zili ndi mphamvu. Mu 2017 katswiri wa zachuma Raj Chetty ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa anthu oposa 1 miliyoni a ku America amene anatulukira zinthu n'kuzilembetsa kuboma. Anapeza kuti mwana wa m'mabanja olemeretsetsa, aja a 1 pa 100 alionse, ali ndi mwayi wochuluka ka 10 wodzatulukira chinthu poyerekeza ndi mwana wa m'mabanja opeza mochepa. Ngakhale pakati pa ana amene ankakhoza bwino masamu mofanana ali aang'ono, kusiyanako kunalipobe.

Koma chimene chimandigwira mtima m'kafukufukuyu n'china. Ana amene anakulira kudera kumene kunali anthu ambiri otulukira zinthu ankadzachitanso zomwezo, kawirikawiri pa ntchito ya mtundu womwewo. Atsikana ankatengera makamaka pamene otulukirawo anali akazi anzawo. Ndiye kuti chachikulu chimene mwana wa olemera amapindula nacho si zidole zodula ayi. Amakula akuona ndi maso ake munthu wamba akupanga chinthu, n'kudziwa kuti nayenso angathe. Mbali imeneyi kholo losauka lingachitepo kanthu: mwana akhale pafupi ndi amene amasoka, kusema, kuimba kapena kukonza makina, ndipo azimulola kugwirako.

M'nyumba mwenimwenimo, mdani wamkulu ndi mantha. Donald MacKinnon wa ku yunivesite ya Berkeley ku America atafufuza akatswiri ojambula mapulani a nyumba, anaona kuti aluso kwambiri aja ambiri anakula ndi makolo amene ankawakhulupirira n'kuwapatsa ufulu wodzisankhira zinthu akadali ana. Tsono taganizirani mwana amene akafunsa kuti "chifukwa chiyani?" amamuyankha kuti akulongolola, akajambula ng'ombe yobiriwira amamuseka. Sachedwa kuphunzira kuti kulakwitsa n'koopsa, ndipo mwana woopa kulakwitsa amangobwereza zomwe wauzidwa. Ena amati kumulola kufunsa ndi kumulekerera. Ine sindivomereza. Mwana akhoza kukhala waulemu ndithu uku ali ndi mafunso osatha.

Chenjerani nazonso mphatso. Mu 1973, ku yunivesite ya Stanford ku America, Mark Lepper ndi anzake anatenga ana a kusukulu ya mkaka amene ankakonda kale kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, olonjezedwa aja ndi amene chidwi chawo chojambula chinatsika. Masewera anasanduka ganyu. Choncho m'malo moti "ukajambula bwino ndikugulira chakuti", ingomufunsani kuti, "Apa wajambula chiyani? Tandifotokozera."

Ndipo nyumba ya ndalama nayo imapha luso mwa njira yake. Mwana akachoka kusukulu amakapeza mphunzitsi wapadera akumudikira, akamaliza apo foni ili m'manja mpaka tulo. Nthawi yongokhala, yoti asowe chochita mpaka adzipangire yekha sewero, sakhala nayo. Ngati wanu amatola makatoni ndi zitsekerero za mabotolo n'kumamanga zakezake, mupezereni pakona pomasungapo, osamutayira posesa.